Madzi a mvula pamalo omanga: zoyenera kudziwa musanakumbe maziko

Kuyambira mwezi wa Julaye kufikira Novembala, tauni ya Liwonde imakhala m'manja mwa amisiri. M'mbali mwa msewu wa ku Zomba, wa ku Ntaja, ngakhalenso kutsidya kwa mlatho kumene njira imagawikana, ina kulowera ku Balaka ina ku Mangochi, munthu amaona milu ya mchenga, mauvuni a njerwa ndi maziko okumbidwa kumene. Chimenechi ndi chitukuko, ndipo khonsolo imakondwera nacho. Koma mvula ikangoyamba, nkhani zofika kwa makhansala, mafumu ndi makomiti a chitukuko zimasintha: mpanda wa mnansi wabweza madzi kulowa m'nyumba, ngalande ya mumsewu yadzaza mchenga wa womanga, njira ya ana a sukulu yasanduka chigwembe. Phunziro la m'kope lino likufotokoza zimene malamulo amafuna kwa munthu womanga pa nkhani ya madzi a mvula, zilolezo zimene ayenera kukhala nazo, ndi zimene inu okhala m'mawodi muli ndi ufulu wofunsa. Mutu wake ndi umodzi: madzi ochoka pa puloti yanu ndi udindo wanu, ndipo udindowo umayamba tsiku limene mwalambula malo, osati tsiku lolowa m'nyumba.

Madzi a padenga limodzi

Ambiri timapeputsa madzi a mvula chifukwa sitinawayezepo. Tiyeni tiwerengere limodzi. A zanyengo akamalengeza kuti kwagwa mvula ya milimita imodzi, amatanthauza kuti pamalo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi pagwa lita imodzi ya madzi. Tsono titenge nyumba ya malata ya mamita 12 mulitali ndi mamita 10 mulifupi. Mvula ya mamilimita 40, yomwe itha kugwa masana amodzi mu Januwale, imatsitsa malita 4,800 kuchokera padenga limenelo lokha. Amenewo ndi madiramu 24 a malita 200, kapena zigubu 240 za malita 20. Malata samwa ngakhale dontho. Madzi onsewo amafika pansi m'kanthawi kochepa, ndiponso pamzere umodzi. Mukawonjezapo bwalo lowaka ndi simenti, poimika galimoto ndi denga la khitchini, chiwerengerocho chimakula. Pamalo okwana ekala imodzi, monga pomanga sukulu kapena malo omwetsera mafuta, mvula yomweyo imagwetsa malita oposa 160,000.

Malowo asanalambulidwe, udzu, masamba ogwa ndi mizu ya mitengo zinkagwira gawo lalikulu la madziwo ndi kuwalowetsa pansi pang'onopang'ono. Womanga akafika amachotsa zonsezo. Malole odzatsitsa njerwa ndi miyala amapondaponda nthaka mpaka kulimba ngati bwalo lopunthirapo mpunga, ndipo dothi lofukulidwa m'maziko limaunjikidwa lili lotakasuka, longodikira kutengedwa. N'chifukwa chake palibe nthawi imene puloti imataya nthaka yambiri kuposa miyezi imene ikumangidwa. Madzi ochoka pamalo otero sayenda okha. Amanyamula dothi, mchenga, zotsalira za simenti, oyilo ndi dizilo wodontha m'makina, penti, mapepala a pulasitiki, ndipo ngati pamalopo palibe chimbudzi, amanyamulanso zonyansa za ogwira ntchito.

Malo athu amawonjezera vutoli. Liwonde ili m'chigwa cha Shire, kunsi kwa mapiri a Chikala ndi Malosa, choncho madzi a kumtunda amatsikira kwa ife kudzera m'mitsinje monga Likwenu ndi m'makwawa ang'onoang'ono amene chilimwe amaoneka ngati tinjira ta mbuzi. Akafika kuno amapeza malo a chidikha, opanda matsitso okwanira, ndipo m'madera ambiri nthaka yake ndi ya makande, ija imene mitengo ya tsanya imakonda: chilimwe imang'aluka, dzinja imatupa n'kukana madzi. Madzi amene sangalowe pansi, komanso alibe kotsetserekera, amangoima. Mtsinje wa Shire ukadzaza, monga zinachitikira mu 2024 nyanja ya Malawi itakwera kwambiri, ngalande zothira mumtsinjewo zimachedwa kutaya madzi. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Munthu akagula puloti mu Seputembala n'kuona kakhwawa kouma kakudutsa pakati, adziwiretu kuti mwini njirayo adzabwera mu Januwale.

Kumene matope amathera

Wina atha kufunsa kuti mawilibala angapo a dothi angawononge chiyani. Choyamba amatseka ngalande ndi makalavati. Madzi akasowa njira amakwera pamsewu, amadya m'mphepete mwa phula, amalowa m'magolosale ndi m'nyumba za kumunsi. Ndalama zofukulira ngalande imeneyo ndi kukonza msewuwo zimachokera m'thumba lomwelo limene likanagula madesiki kapena kukonza mjigo.

Matope amene adutsa ngalande amakathera mu Shire. Pano pa Liwonde pali Kamuzu Barrage, yomwe inamangidwa mu 1965 kuti iziwongolera kuchuluka kwa madzi otsika mumtsinjewu, ndipo kumunsi kwathu kuli malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene kumachokera gawo lalikulu la magetsi a dziko lino. Kampani ya EGENCO imalimbana chaka ndi chaka ndi matope odzaza m'madamu ake, komanso namasupuni ndi zinyalala zimene zimavuulidwa pompano zisanakafike ku makina. Sitikunena kuti omanga a ku Liwonde ndiwo gwero lalikulu la matope a mu Shire. Minda ya m'mapiri ndi kudula mitengo zimapereka ochuluka kuposa apo. Koma matope a pamalo omanga ndi osavuta kuwaletsa, chifukwa malowo ndi ochepa, mwini wake ndi wodziwika, ndipo ntchitoyo ili ndi tsiku loyamba ndi lomaliza.

Palinso za umoyo. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022, patangopita milungu yochepa namondwe wa Ana atadutsa, unadziwika koyamba m'boma lino la Machinga, ndipo usanathe unapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse. Madzi osefukira akalowa m'chimbudzi cha dzenje n'kutulukira m'chitsime chosatetezedwa, njira ya matendawa yatseguka. Maenje a njerwa ndi maziko osiyidwa odzaza madzi amaswa udzudzu, ndipo kwa mwana woyamba kumene kuyenda, dzenje lofika m'chiuno mwa munthu wamkulu ndi dziwe lakuya.

Zilolezo zimene womanga amafunika

M'maiko ena nkhaniyi ili ndi chilolezo chakechake. Ku United States of America, lamulo la Clean Water Act la 1972, lomwe linakonzedwanso mu 1987 kuti likhudze madzi a mvula, limafuna kuti wolambula kapena kukumba malo okwana ekala imodzi kapena kuposerapo akhale ndi chilolezo chotayira madzi ochoka pamalowo. Zigawo zambiri za dzikolo zimapereka zokha chilolezocho. Womanga amayamba walemba ndondomeko yoonetsa kumene madzi adzadutse, zimene adzatchingire matope, ndi munthu amene aziyendera malowo. Ndipo chilolezocho sichitsekedwa kufikira nthaka itaphimbidwanso ndi udzu kapena zomangamanga. Kuno kwathu udindo wofananawo ulipo, koma sunalembedwe pa pepala limodzi. Uli m'malamulo angapo, ndipo womanga amagogoda pa makomo osiyana malinga ndi kukula kwa ntchito yake ndi pamene yakhala.

Khomo limene pafupifupi womanga aliyense wa m'tauni amadutsapo ndi la khonsolo. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 linalowa m'malo mwa la Town and Country Planning Act la 1988. Lakalelo linkagwira ntchito kwenikweni m'madera osankhidwa. Latsopanoli linafalitsa ntchito yokonza mapulani m'dziko lonse. Pansi pa lamuloli, munthu wofuna kumanga, kugawa malo kukhala mapuloti, kapena kusintha ntchito ya malo, monga kusandutsa nyumba yogona kukhala malo ogulitsira, amayenera kupempha chilolezo ku komiti yoona za mapulani. Komitiyo itha kuvomera, kukana, kapena kuvomera ndi mfundo zoti zitsatidwe, ndipo kayendedwe ka madzi a mvula ndi imodzi mwa nkhani zimene imayang'ana. Womanga wopanda chilolezo, kapena wophwanya mfundo za chilolezo chake, atha kulandira kalata yomuimitsa ntchito, ndipo lamulo limalola ngakhale kugwetsa chimene wamanga.

Pano pali chisokonezo chimene timakumana nacho kawirikawiri. Anthu amabwera ndi kalata ya amfumu, mgwirizano wogulira malo, kapena chikalata cha umwini wa malo, n'kunena kuti mapepala onse ali nawo. Mapepala amenewo ndi ofunika, koma amayankha funso lakuti malowo ndi a yani. Funso lakuti pamalopo pangamangidwe chiyani, motani, ndipo madzi ake adzapita kuti, limayankhidwa ndi chilolezo cha pulani. Kumbukiraninso kuti mtsinje wa Shire ndiwo malire: wa tsidya lino, monga m'dera la Mfumu Yaikulu Sitola, amapita ku khonsolo ya Machinga, pamene wa tsidya la kumadzulo amapita ku khonsolo ya Balaka, ngakhale onse amanena kuti amakhala pa Liwonde.

Ntchito zikuluzikulu zimadutsanso ku bungwe la Malawi Environment Protection Authority, lomwe ambiri amalidziwa kuti MEPA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la Environment Management Act la 2017. Tikunena ntchito monga malo omwetsera mafuta, mafakitale, misewu, malo oswera miyala, kugawa malo aakulu kukhala mapuloti ambiri, kapena malo ogona alendo m'mbali mwa mtsinje ndi pafupi ndi nkhalango ya Liwonde National Park. Mwini ntchito amatumiza chikalata chachidule chofotokoza chimene akufuna kuchita ndi malo ake. Bungwelo likachiona limagamula ngati pakufunika kafukufuku wathunthu wa mmene ntchitoyo ingakhudzire chilengedwe ndi anthu, wotchedwa ESIA, kapena ngati ndondomeko yosamalira chilengedwe, yotchedwa ESMP, ndi yokwanira. M'zikalata zimenezi ndimo mumalembedwa za ngalande, zotchingira matope, kosungira mafuta ndi kotaya zinyalala. Zinthu ziwiri ndi zofunika kuti inu okhala m'mawodi muzidziwe. Pochita kafukufukuyo anthu okhudzidwa amayenera kufunsidwa maganizo, choncho msonkhano wotero ukaitanidwa m'dera lanu, pitani mukafunse za madzi. Musangotumiza amfumu okha. Ndiponso ntchito imene lamulo likufuna kuti iunikidwe siyenera kupatsidwa chilolezo china chilichonse bungwelo lisanavomereze. Ku khonsolo kuli mkulu woona za chilengedwe m'boma, amene amathandiza kulozera womanga ngati ntchito yake ikuyenera kupita ku MEPA. Zitukuko za khonsolo yeniyeniyo, monga midadada ya sukulu ndi misika, nazonso zimaunikidwa zisanayambe.

Ntchito ikakhudza mtsinje, khwawa kapena dambo, pamalowa lamulo la Water Resources Act la 2013 ndi bungwe lake la National Water Resources Authority. Lamuloli limaika madzi onse m'manja mwa dziko. Kupatutsa kapena kutseka mtsinje, kumanga m'kati mwake, kupopa madzi ochuluka ogwiritsa pantchito, ndi kutayira madzi oipa mumtsinje, zonsezi zimafuna chilolezo cha bungwelo. Khwawa lodutsa pa puloti yanu si lanu kuti mulikwirire.

Ndiye pali msewu. Msewu uliwonse uli ndi malo osungidwa m'mbali mwake. Kwa misewu ikuluikulu malowo ndi mamita 60, kutanthauza mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu. Ngalande za mumsewu zili m'malo amenewo, ndipo amaziyang'anira ndi bungwe la Roads Authority kapena khonsolo, malinga ndi mtundu wa msewuwo. Wofuna njira yolowera pa puloti yake kudutsa pa ngalande, kapena wofuna kuthira madzi a pa puloti yake mu ngalandeyo, apemphe kaye kwa eni msewu. M'kuona kwathu, chizolowezi chimene chimawononga kwambiri m'tauni muno ndi ichi: lole ya njerwa yafika, yasowa polowera, anyamata athira dothi ndi zidutswa za njerwa mu ngalande kuti idutse, ndipo nyumba ikatha palibe wokumbukira kufukula. Kalavati ya msinkhu woyenera, kapena chivundikiro cha konkire pamwamba pa ngalande, zikanathetsa nkhaniyo tsiku loyamba.

Tionjezepo kuti chaka cha namondwe wa Freddy, 2023, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Disaster Risk Management Act, lomwe cholinga chake ndi kupewa ngozi isanachitike m'malo mongodikira kugawa thandizo. Choncho komiti ya mapulani ikakana kumanga m'dambo kapena m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, sikuti ili ndi kaduka ndi chitukuko chanu. Malo otero ndi mosungiramo madzi a tauni yonse.

Zimene pulani iyenera kuonetsa

Mapulani ambiri amene anthu amajambulitsa amaonetsa bwino zipinda, mazenera ndi denga, koma nyumbayo imakhala ngati yaima m'malere. Pulani yothandiza imaonetsa puloti yonse ndi malire ake, msewu, mapuloti oyandikana nawo, mbali imene ili kumtunda ndi imene ili kumunsi, pamene madzi amalowera, pamene adzatulukire, ndi ngalande kapena khwawa limene lidzawalandire. Imaonetsanso pamene padzakhale chimbudzi kapena thanki ya zonyansa, chitsime ngati chilipo, ndi mmene pansi pa nyumba padzakwerere kuchokera pa nthaka. Wojambula pulani amene sanafike pamalopo sangadziwe zimenezi. Muuzeni apite akaone, ndipo inunso funsani anthu amene akhala m'deralo zaka zambiri kuti madzi anafika pati mu 2015, mu 2019 ndi mu 2023. Agogo a nyumba yoyandikana nayo amasunga mbiri imene mulibe m'mapu.

Pa nthawi yomanga

Zimene zimaletsa matope pamalo omanga nyumba wamba si zodula, ndipo zambiri alimi athu amazidziwa kale kuchokera ku akalozera ndi vetiva wa m'minda. Musalambule puloti yonse tsiku limodzi. Lambulani pamene mukumanga, ndipo kumunsi kwa puloti siyani mzere wa udzu woti uzisefa madzi. Dothi lapamwamba, lachonde lija, liunjikeni padera kuti mudzalibwezere ntchito ikatha. Kumtunda kumbani kangalande kopatutsa madzi ochokera kwa ena kuti asadutse pa dothi lofukulidwa, koma kawatsogolere ku ngalande yovomerezeka, osati pakhomo pa mnansi.

Milu ya mchenga, miyala ndi dothi ikhale m'kati mwa puloti, kutali ndi ngalande, yotchingidwa kumunsi ndi mzere wa njerwa kapena matumba a mchenga. Mchenga umene mumautaya mu ngalande munaugula ndi ndalama zanu. Kuutchinga ndi kudzisungira nokha. Pangodya ya kumunsi kwenikweni kumbani dzenje lotakata koma losazama, loti madzi aziima kaye matope n'kukhazikika pansi asanatuluke. Dzenje limeneli limagwira ntchito pokhapokha likamafukulidwa mvula yaikulu ikatha, ndipo lizitchingidwa kuti ana asafikepo. Polowera malole thirani miyala yoswa kuti matayala asatengere matope pa phula.

Simenti ifunika chisamaliro chapadera. Mmisiri aliyense amadziwa mmene imang'ambira manja. Madzi otsukira mafosholo, mawilibala ndi makina osakanizira konkire amachitanso chimodzimodzi kwa nsomba ndi zamoyo zina za mumtsinje, ndipo akauma mu ngalande amasanduka mwala. Patulani dzenje limodzi lotsukira zida, loyalidwa pulasitiki, ndipo zouma muzichotsa n'kuzigwiritsa ntchito pokwirira pansi pa nyumba. Oyilo, dizilo ndi penti zikhale pamthunzi, pamalo okwera. Chimbudzi cha ogwira ntchito chimangidwe maziko asanakumbidwe, pamalo amene madzi sadutsa.

Tiime pang'ono pa mpanda wa njerwa, chifukwa ndiwo umayambitsa milandu yambiri pakati pa anansi. Munthu akangopeza puloti, chinthu choyamba chimene amafuna ndi kuizinga, ndipo n'zomveka, pakuti akuteteza katundu wake. Koma khoma lomangidwa mopingasa njira ya madzi ndi damu. Kumtunda kwake madzi amasonkhana, amabwerera m'nyumba za ena ndi m'zimbudzi zawo. Ndiponso mpanda wa njerwa imodzi sunapangidwe kuti ugwire madzi. Kukankha kwa madzi kumakula msanga pamene akukwera, nthaka ya makande pansi pa maziko imafewa, ndipo khomalo likagwa limagwa lonse nthawi imodzi, kawirikawiri usiku, n'kumasula madzi onse kwa amene ali kumunsi. Mpanda uyenera kukhala ndi mipata pansi, yotchingidwa ndi zitsulo ngati mukuopa agalu ndi akuba, ndipo mipatayo ikhale pamene madzi amadutsa kale, osati pamene pakukomerani inu. Pamene madzi ndi ochuluka, oyandikana agwirizane kusiya kanjira ka ngalande pakati pa mapuloti awo. Theka la mita limene aliyense angapereke ndi laling'ono poyerekeza ndi khoma lomanga kawiri.

Ntchito siinathe pamene malata akhomedwa. Maenje a njerwa akwiriridwe, zinyalala zichotsedwe, nthaka ya pabwalo iphimbidwe ndi kapinga, ndipo m'malire otsetsereka mubzalidwe vetiva. Si bwalo lonse limene liyenera kuwakidwa simenti. Pamene mwasiya udzu kapena miyala, madzi amapeza polowera. Madzi a padenga atha kukololedwa mu thanki, ndipo m'tauni yotentha ngati ino palibe amene angadandaule kuti ali ndi madzi ochapira ambiri. Dzenje lodzaza miyala lomwetsa madzi pansi limathandiza pa nthaka ya mchenga, koma pa makande limadzaza msanga, choncho likhale ndi potulukira, ndipo litalikirane ndi maziko a nyumba, chimbudzi ndi chitsime.

Eni nyumba ambiri sakhala pamalopo. Ena ali ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ena ku Johannesburg, ndipo amangotumiza ndalama pa foni. Dziwani kuti kalata yoimitsa ntchito imalembedwa kwa mwini chilolezo. Zimene tafotokozazi zilembedwe mumgwirizano wanu ndi kontirakitala kapena mmisiri, ndipo gawo lomaliza la malipiro lidikire kufikira ngalande zitafukulidwa ndi maenje atakwiriridwa.

Ngati ndinu woyandikana ndi womanga

Lamulo la 2017 lija limanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi abwino ku umoyo wake, ndipo limatsatira mfundo yakuti wowononga ndiye alipire zokonzera. Choncho kufunsa womanga kuti madzi ake adzapita kuti si mwano, ndipo nthawi yabwino yofunsira ndi pamene zikhomo zangokhomedwa, khoma lisanakwere. Yambani ndi kukambirana. Omanga ambiri sakhala ndi cholinga choipa. Malowo anangowaona chilimwe. Zikakanika, pitani kwa amfumu kapena ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kenako kwa khansala wa wodi yanu, amene adzatengere nkhaniyo ku ofesi ya mapulani ndi chitukuko, ya zomangamanga, kapena ya zachilengedwe ku khonsolo. Dandaulo lolembedwa, lokhala ndi tsiku, malo ndi zithunzi zojambula pa foni madzi ali m'kati moyenda, limayenda msanga kuposa la pakamwa. Chimene sitilimbikitsa ndi kuboola mpanda wa mnzanu usiku kapena kuunjika dothi kuti madzi abwerere kwa iye. Pamenepo wodandaula amasanduka woimbidwa mlandu, ndipo madziwo amangopita kwa munthu wachitatu.

Makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera athanso kuthandiza asanadikire dandaulo. Mu Okutobala, mvula ya chizimalupsa isanagwe, yendani m'wodi mwanu ndi khansala, lembani ngalande zotsekeka, makalavati odzaza ndi malo omanga amene aunjika mchenga mumsewu, ndipo mndandandawo ufike ku khonsolo. Polipira chilolezo chilichonse, lipirani ku ofesi yolandira ndalama ndipo tengani lisiti ya khonsolo. Ndalama yoperekedwa m'manja pamalo omanga siigula chilolezo.

Amene mukufuna kuyamba kumanga chilimwe chikubwerachi, bweretsani mapulani anu mvula isanathe, mu Febuluwale kapena Malichi. Komiti imafuna nthawi yowaunika, ndipo ngati ntchito yanu ikuyenera kupita ku MEPA kapena ku bungwe la madzi, mudzakhala ndi miyezi yokwanira yotsatira zimenezo njerwa zisanawotchedwe. Woyendera malo akabwera nthaka ikadali yonyowa amaona ndi maso ake kumene madzi amadutsa, pamene amaima, ndi mzere wa matope pa makoma a nyumba zoyandikana nanu.